Chinenero cha Mailo

Nditakwera basi ku Chelstone m'mawa wa Lachisanu lija, ndinatsegula foni n'kupeza mayeso onse ali biriwiri. Munthu wina akanasangalala. Ine ndinangoima chiyang'anire foniyo, moti kondakita anachita kundigwedeza phewa kuti ndisendere mkati anthu akwere.

Ndifotokoze kaye, poti abale anga ku Katete mpaka lero amauza anthu kuti Tryness amakonza makompyuta ku Lusaka. Sindikonza makompyuta ine, ndimayesa mapulogalamu. Kampani yathu ndi kanyumba ka ku Woodlands komwe anatulutsamo mabedi n'kuikamo madesiki, ndipo pulogalamu yotidyetsa ndi imodzi yokha. Imatumiza uthenga pa foni kwa odwala a m'makiliniki ang'onoang'ono, kuwakumbutsa tsiku lokaonana ndi dokotala. Pulogalamu iliyonse imalembedwa m'chinenero cha makompyuta, ndipo eni ake a chinenero chomwe timagwiritsa ntchito ife sakhazikika pansi. Chaka ndi chaka amatulutsa chatsopano. Asanachitulutse amachiika poyera chikadali chosapsa, kuti aliyense ayeserepo pulogalamu yake ndi kunena ngati china chathyoka. Mayeso akadutsa pamaoneka kachizindikiro kobiriwira, akalephera pamaoneka kofiira.

Tsono chinenero chosapsa sichidutsa mayeso onse. Chiyambireni ntchito imeneyi sindinaonepo. Penapake pamafiira ndithu, ngakhale ka zinthu zopanda pake. Ndipo Lachisanu limenelo linali tsiku lomaliza loti eni chinenero alandire madandaulo. Likadutsa atseka, chothyoka chidzatuluka chothyoka chomwecho mwezi wotsatira, n'kulowa m'makina momwe pulogalamu yathu imakhala.

Kwa ine odwala onse amene timawatumizira uthenga ali ndi nkhope imodzi, ya Ba Exildah Ng'andu a ku Kabwata, mayi ake a Besa mnzanga wa pantchito. Ali ndi matenda a shuga, ndipo masiku anayamba kuwasokonekera m'mutu. Nyimbo za kwaya ya ku Mansa komwe anakulira amaziimba zonse osaphonya, koma ukawafunsa ngati adya amayang'ana mbale kuti iwayankhire. Foni ikalira ndi uthenga wa kiliniki amavala n'kupita, ikapanda kulira amakhala. Dokotala wa shuga amabwera kamodzi pa mwezi, ndipo mankhwala amapereka okwana mwezi womwewo basi. Besa analemba pulogalamuyi chifukwa cha iwo. Ngakhale mawu a mu uthengawo analemba yekha, ati Chinyanja changa n'cha m'buku la sukulu, a mu Lusaka sangachimve.

Lachinayi ndinali pa maliro ku Avondale, ndiye mayeso ndinasiyira Besa yemweyo. Ndinamuimbira ndili pachipata cha nyumba ya siwa, ndikulankhula motsitsa: "Besa, uyese pa version ya mailo, please. Usaibale." Anati palibe vuto.

Basi inaima pa Munali ngati yamera mizu. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuotcha, mayi wa pambali panga anali ndi thumba la kapenta pamiyendo, ndipo ine ndinangotsegula foni, kutseka, kutsegulanso, ngati kuyang'anitsitsako kufiiritsa chinachake. Pa Kulima Tower ndinatsika basi isanaimitsitse, kondakita n'kundikalipira kumbuyo. Ya ku Woodlands nayo inatenga nthawi kudzaza, ine ndili pampando wakutsogolo ndikugwedeza mwendo.

Ndinapeza Ba Morris, abwana athu, ali pakhomo la ofesi atavala jekete ngakhale kunali kotentha choncho. Ndi munthu wabwino, wobadwira ku Kabulonga, wa mpingo wa Sabata. Vuto lawo ndi lakuti mtundu wofiira amadana nawo ngati ukuwatukwana.

"Tryness! Waona? All green!" anatero akugwedeza makiyi a galimoto. "Nipita ku Cairo Road manje manje, kuuza ba ma clinic ati tili ready. New version ikachoka che, tingena same day."

"Ba Morris, lindilani pang'ono niyanganepo."

"Uyangane chani? Green ni green. Elo after today ka test kako aka tizakazimya. Chaka chonse kamaniyofya che for nothing. Nitseka office early, uziba ni Friday."

Analowa m'galimoto n'kunyamuka, maluwa a jakaranda akuuluka kumbuyo kwawo.

Mkati Besa anali atakweza miyendo padesiki, akudya chitumbuwa, nkhope ili ya munthu amene wagwira ntchito yaikulu.

"Shani, wa ku Chipata," anandilonjera m'Chibemba. Amadziwa bwino kuti kwathu ndi ku Katete. "Waona nchito ya ba engineer?"

Ndinakhala pansi chikwama chikadali paphewa, n'kukwera pamwamba penipeni pa zotsatira za mayeso, pomwe makina amalemba nambala ya chinenero chomwe ayeserapo. Nambalayo inali yocheperapo kuposa ya chinenero chomwe tikugwiritsa ntchito lero.

"Besa, bwela kuno. Iyi version ni ya liti?"

"Ya mailo. Si ndiye unakamba?"

"Mailo iti?"

"Ah ah. Ya mailo, ija ya last year yamene tinasiya. Nenze naganiza ufuna kuona ngati ikali kusebenza."

"Nenze kukamba ya mailo yamene ikalibe kuchoka!"

Anatsitsa miyendo, chitumbuwa chili m'manja. "Manje sembe unakamba ati yamene izabwela mailo."

Mawu akuti mailo amenewa! Ndi a Chibemba, koma Lusaka yense anawatola. Amatanthauza mawa, amatanthauzanso dzulo. Ukafunsa kuti amasiyanitsa bwanji amakuyang'ana ngati wafunsa zopusa: "tinapita mailo" ndi dzulo, "tizapita mailo" ndi mawa, chavuta n'chiyani? Zoonadi, pakakhala mawu ena owatsamira sasokoneza. Koma ukawasiya okha amagwera mbali iliyonse. Kwathu tili ndi mawa, tili ndi dzulo, mawu awiri abwinobwino, ndipo ine ndinawasiya kuti Besa aleke kundiseka. Ndinakwiyira iye, ndinakwiyira Lusaka, ndinakwiyiranso pakamwa panga pomwe.

Tinaimbira Ba Morris, foni inangolira. Ndinawalembera uthenga, sunawerengedwe. Tsono tinayamba kukoka chinenero chenicheni cha mawa pa intaneti, ndipo chimabwera pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa m'komboni. Chitangotsala pang'ono kutha, magetsi anathima. Kabokosi ka batire kumbuyo kwa chitseko kanalira tswii, tswii, n'kukhala chete.

"Malaiti yayenda," anatero Besa, ngati ine ndilibe maso.

"Yazabwela liti?"

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ndikukhulupirira kuti ankafuna kunena kuti mailo.

Malo okhawo omwe tinali ndi chitsimikizo kuti kuli magetsi a dzuwa ndi intaneti yabwino anali kunyumba kwa Ba Morris ku Kabulonga. Tinaponya malaputopu m'kagalimoto ka Besa kakale kaja, komwe chitseko cha mbali yanga chimatsegukira kunja kokha. Tili m'njira foni yake inalira, pagalasi pakuoneka dzina lakuti Mayo, ndiye kuti mayi ake m'Chibemba. Anaigwira ndi phewa akuyendetsa.

"Mayo, nili busy sana. Nizabwela madzulo, mwamvela? Eya. Eya, nizabwela." Anadula. "Bafuna che kukamba. Bakayamba sibasiliza."

Ba Anita, akazi a Ba Morris, anatitsegulira ali ndi chokolopera m'manja. Lachisanu masana nyumba ya anthu a Sabata imakhala ngati kukubwera alendo a ukwati: miphika yonse ili pamoto nthawi imodzi, zovala za kutchalitchi zikusitidwa, pansi pakunyezimira. Anatiyang'ana mapazi asanatiyang'ane nkhope.

"Nkalani pa dining," anatero. "But nikuuzilenitu, zuba ikangena, no ma laptop muno. Wi-Fi nizimya neka."

Tinakhala pathebulo lalitali, nsapato titasiya pakhomo. Chinenero cha mawa chinabwera, tinachikonza kuti chiyambe kugwira ntchito, n'kuyambitsa mayeso. Ine kukhala pansi kunandikanika. Ndinapita pawindo kukaona pomwe dzuwa lafika, kubwerera, kumwa madzi omwe sindinkawafuna, kupitanso pawindo. Zizindikiro zinkatuluka chimodzichimodzi. Chobiriwira, chobiriwira, china chobiriwira. Besa anayamba kumwetulira.

"Waona? Tatamanga che mahala. Even iyi ili—"

Kenako panafiira.

Anali mayeso osavuta kwenikweni, akale kuposa onse: pulogalamu imapatsidwa mayina angapo oyesera, n'kuona ngati aliyense walandira uthenga. Onse analandira kupatula mmodzi. Dzina losiyidwalo linali loyamba lomwe Besa analemba tsiku lomwe anayamba pulogalamuyi, lakuti Exildah Ng'andu.

Tinafufuza mitu ili pamodzi. Chinenero chatsopano chinali chitasintha kadulidwe ka mawu. Kachizindikiro kakang'ono kaja ka m'mwamba, ka pakati pa g ndi a, chinkakaona ngati mapeto a mawu. Ng'andu ankasanduka Ng, pulogalamu n'kunena kuti limeneli si dzina la munthu, n'kumudumpha mwakachetechete osadandaula chilichonse. Mwezi wotsatira a Ng'andu onse, a Ng'uni, a Ng'ambi, a Kang'ombe, akanangokhala m'nyumba zawo kudikira foni yosalira, ife tili ku Woodlands tikuyamikirana.

Besa sanaseke. Anayang'ana dzina la mayi ake lili m'kabokosi kofiira kwa nthawi yaitali, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Lemba report, Tryness," anatero. "Iwe ulemba bwino."

Aka kanali koyamba kuti ayamikire kalembedwe kanga, koma ndinalibe mpata wosangalala. Ndinalemba dandaulo lathu m'Chingerezi, n'kuikapo kachitsanzo kakafupi koti aliyense ayese yekha aone. Tinatumiza. Ndiye kudikira. Ba Anita anadutsa ndi mphika wa nyemba, n'kuyang'ana pawindo mokweza nsidze kuti tione kuti ayang'ana.

Yankho linabwera kuchokera kwa munthu wa kutali kwina, woti sindikudziwa ngati kwawo kunali m'mawa kapena madzulo. Anathokoza mwaulemu, kenako n'kufunsa ngati kachizindikiroko si kolakwika polemba chabe. Kodi dzinalo silingalembedwe popanda iko?

Ndinapsa mtima. Ndinalemba mizere iwiri yomwe Besa anandifufutitsa, kenako ndinapuma n'kulemba yofatsa. Ndinati kuno kwathu kachizindikiroko ndi mbali ya liwu lenilenilo. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire, ndipo kosiyanitsa ndi komweko. Ndinati mayina otere ndi ochuluka m'mayiko akuno, ndipo eni ake ena ndi odwala omwe akudikira uthenga.

Ndipamene foni yanga inalira. Anali Ba Morris.

"Tryness, naona ma missed call. Nachoka mu meeting, nabauza kale ati tili ready. Ni chani futi?"

Ndinawafotokozera. Kumbali kwawo kunangomveka mahutala a pa Cairo Road.

"So ma test yonse yaja yenze ya last year?"

"Eya, ba Morris."

"Because of mailo?"

"Eya."

"Manje nibauze chani? Nenze navala na jacket!"

"Bauzeni ati tilindile mpaka bakonze."

Anapuma mwamphamvu n'kudula. Ndinamva chisoni, poti kubwerera kukwera masitepe kukabweza mawu omwe wangonena kumene si zophweka kwa munthu wa jekete.

Dzuwa linali litafika pamwamba pa mpanda pamene munthu wa kutali uja anayankhanso. Anati wayesa chitsanzo chathu, waona vutolo, ndipo aliika pa zinthu zoyenera kukonzedwa chinenero chisanatuluke. Besa anamenya thebulo mpaka mafoloko a Sabata analumpha. Kwa ine kanali koyamba tsiku limenelo kuti ndikhale pampando msana utatsamira.

Ba Morris analowa jekete ili paphewa, nkhope itagwa. Anatiyang'ana tili pathebulo lawo ndi masokosi.

"Ka test kako sitizakazimya," anandiuza. "But muchinje kakambidwe. Nisamvelenso mailo mu office yanga."

Ba Anita anali ataima kale pafupi ndi kabokosi ka intaneti, chala chili pabatani. Tinatseka malaputopu n'kutsanzika.

Panja Besa anati tidzere ku Kabwata kaye, akaone mayi ake monga analonjezera, kenako andisiya pokwerera basi. Njira yonse ankaimba nyimbo za Chibemba akumenya chiwongolero. Anati tsiku lina adzauza ana ake kuti iye ndi wa ku Chipata uja anakonza chinenero cha dziko lonse ali pa masokosi. Ndinamusiya anene, nanenso mtima unali utatsika.

Ba Exildah tinawapeza pakhonde la nyumba yawo, atakhala pa kampando, akusadzula chibwabwa, masamba a dzungu, m'lichero. Anali m'chitenje cha pakhomo ndi mapatapata, foni ili pambali pawo pomwe imakhala nthawi zonse.

"Mwaiseni, mwaiseni," anatero akumwetulira. "Uyu ni uja wa ku nchito? Nkala, mwana wanga."

Ndinagwada pang'ono powapatsa moni. Besa anakhala pansi pakhonde pafupi ndi miyendo yawo.

"Mayo, lelo tapulumusa message yanu. Sembe next month siinabwele."

"Mwachita bwino," anatero, ngakhale zinali zoonekeratu kuti sanamve kuti tapulumutsa chiyani.

Pawindo kumbuyo kwawo panali kabotolo ka mankhwala. Besa anakatenga mongosewera, n'kukagwedeza. Sikanalire. Anakatsegula n'kuyang'anamo.

"Mayo, mankwala yasila. Clinic ni liti?"

Funso limenelo linandilasa. Besa anali atakhulupirira pulogalamu yake mpaka kusiya kusunga yekha tsiku la mayi ake m'mutu.

"Ninapita kale," anatero Ba Exildah. "Message inabwela. Ona."

Anamupatsa foni. Ndinawerama kuwerenga pamwamba pa phewa lake. Uthengawo unafika Lachinayi, pa nthawi yake, dzina lili lathunthu ndi kachizindikiro kake komwe. Unati: "Ba Exildah Ng'andu, clinic yanu ni mailo. Bwelani na card."

"Inakamba ati mailo," anapitiriza akusadzula masamba awo. "Nati kanshi ninapita, naibala che monga mwa masiku yonse. Manje mankwala sininayaone. Ndiye ninakutumila kuti nikufunse ngati ninapita. Wati uli busy."

Besa anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana kumsewu komwe anthu ankabwerera kuchokera kuntchito ndi timatumba ta ndiwo. Dzuwa linali litalowa kuseri kwa nyumba za tsidya lina. Kiliniki inali itatsekedwa, ndipo dokotala wa shuga anali atapita mpaka mwezi wotsatira.

Ine ndinamva manyazi ndi mantha pamodzi. Uthenga umenewo ndinali nditauyesa pa chinenero cha chaka chatha, pa cha lero, ndi masana omwewo pa cha mawa. Ndinayesa ngati ukufika, ngati ukufika pa tsiku lake, ngati dzina lili bwino. Mayeso ake anali obiriwira chiyambireni.

Besa anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi nsapato za mayi ake za kutchalitchi ndi juzi, n'kugwada kuwavula mapatapata. Lamba wa nsapato anamukanika kumanga, ndinachita kumuthandiza.

"Tryness, yangana pa phone kwamene kuli dokota akali open. Kulikonse, even ku town."

"Tipita kuti usiku uno?" anafunsa Ba Exildah, lichero likadali pamiyendo.

"Ku clinic, mayo."

Anamuyang'ana modabwa, kenako anayang'ana ine ngati ndine ndingawauze zoona.

"Clinic si ni mailo?"

"Ni lelo, mayo," anatero Besa ali chogwada, mutu uli pansi. "Yenze lelo."